Ndemanga: Makina ayesedwe asanafike kwa mlimi

CAKA ndi caka, kawirikawiri m'mwezi wa Juni, ku Le Mans m'dziko la France kumacitika mpikisano wa magalimoto omwe amathamanga usana ndi usiku kwa maola 24. Mpikisanowu unayamba mu 1923, ndipo wopambana amakhala amene wayenda mtunda wautali kuposa anzake onse pamene maolawo akwana. Ambiri mwa awerengi athu sanauonepo, ndipo ena anganene kuti awa ndi masewera a anthu olemera, osakhudza munthu wolima cimanga ku Chongwe kapena wowocherera zitsulo mu komboni ya Garden. Ife tikuona kuti m'kapangidwe ka magalimoto amenewa muli phunziro lokhudza thumba la mlimi aliyense amene amagula cigayo, ngolo kapena pampu yopangidwa muno mu Lusaka.

Kuyambira mu 2021, magalimoto a gulu lapamwamba pa mpikisanowu amachedwa Hypercar. Pakati pa cakaco ndi 2025, makampani monga Toyota, Peugeot, Ferrari, Porsche, Cadillac, BMW, Alpine ndi Aston Martin analowetsamo magalimoto ao. Malamulo amafuna kuti galimoto ilemere makilogalamu osacepera 1,030, ndipo mphamvu yake ikhale pafupifupi makilowati 500. Ambiri mwa magalimotowa ali ndi injini ya petulo pamodzi ndi mota ya malaiti, yomwe imakolola mphamvu pamene woyendetsa aponda mabuleki ndi kuisunga mu batire. Oyang'anira mpikisano amaonjezera kapena kucepetsa kulemera ndi mphamvu ya mtundu uli wonse wa galimoto, kuti pasakhale imodzi yosiya zinzake kutali.

Popeza liwiro limakhala lofanana ndithu, nthawi zambiri comwe cimasiyanitsa wopambana ndi wolephera ndi kulimba kwa galimoto ndi kusamala kwa anthu oiyang'anira. Njira ya ku Le Mans ndi yozungulira, yotalika makilomita 13.6. Galimoto yomwe inapambana mu 2025 inazungulira ka 387, kutanthauza makilomita oposa 5,200. Mtunda umenewu uli ngati kuyenda kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata kasanu ndi kanayi pa tsiku limodzi, kuimira kokha pothira mafuta, posintha matayala ndi posinthana oyendetsa, omwe amakhala atatu pa galimoto imodzi. Galimoto ikafera panjira, kutali ndi garaji yake, malamulo salola amakanika kuikhudza. Woyendetsa yekhayo ndiye ayenera kulimbana nayo ndi tizida tocepa tomwe ali nato.

Tsono galimoto yotere imapangidwa bwanji? Akatswiri amayamba kuijambula pa kompyuta. Kenaka amaika thupi lake m'nyumba ya mphepo yamphamvu kuti aone m'mene mpweya udzaliombera pa liwiro loposa makilomita 300 pa ola. Injini amaimangirira pa benchi ndi kuiliza masiku ambiri ngati kuti iri pa mpikisano. Galimoto yonse ikalumikizidwa, amapita nayo ku bwalo lopanda oonerera ndi kuithamangitsa maola 30 kapena kuposerapo, kupitirira dala maola 24 aja. Akatero amaiphwasula yonse, bawuti ndi bawuti, kufunafuna pomwe payamba mng'alu, pomwe papereseka ndi pomwe patentha mopitirira. Kacipangizo kali konse kali ndi nambala yake ndi buku lake, momwe amalemba makilomita omwe kayenda, kuti akacotse nthawi yake yothyoka isanakwane.

Nchito imeneyi imadya zaka. Kampani ya Ferrari inalengeza mu Febuluwale 2021 kuti idzabwerera ku gulu lapamwamba. Galimoto yake, yochedwa 499P, inayenda koyamba pa bwalo loyesera mu Julayi 2022, inalowa mpikisano woyamba mu Marichi 2023, ndipo mu Juni caka comweco inapambana ku Le Mans, patapita zaka 58 cipambanire kampaniyo mu 1965. Inapambananso mu 2024 ndi mu 2025. Oonerera amakumbukira cikho, koma cikhoco cinakonzedwa m'miyezi ija yomwe galimoto inali kuthyoka ndi kukonzedwa popanda woomba m'manja.

Nkhani ya Toyota ndiyo imatikhudza kwambiri. Kampaniyi inayamba kuyesa mwai wake ku Le Mans mu 1985. Mu 2016 galimoto yake inali patsogolo, a Kazuki Nakajima ali pa ciongolero, ndipo kunangotsala mphindi zowerengeka kuti maola 24 akwane. Mwadzidzidzi mphamvu inatha, galimoto inaima pamaso pa khamu lonse, ndipo Porsche inadutsa ndi kutenga cikho. Atafufuza anapeza kuti colakwa cinali pa kacipangizo kakang'ono kolumikizira paipi ya mpweya wopita ku injini. Akuluakulu a kampaniyo sanabise, analengeza poyera comwe cinaonongeka, ndipo anabwerera kukayesa. Kuyambira mu 2018 mpaka 2022 Toyota inapambana zaka zisanu zotsatizana.

Nayo Peugeot inabwera mu 2022 ndi galimoto yochedwa 9X8, yopanda phiko lakumbuyo lomwe magalimoto ena onse ali nalo lothandiza kukanikiza matayala pansi. Nzeruyo inaoneka yabwino pa pepala. Pa msewu zinthu sizinayende monga anayembekezera, ndipo mu 2024 anasintha kapangidwe ndi kuikapo phiko. Apa tikuona kuti ngakhale akatswiri ophunzira kwambiri amagonjera zomwe kuyesa kwawaonetsa.

Sitikubisa kuti ndalama zomwe zimathera pa masewerawa ndi zambiri zedi, ndipo munthu amene akusowa thumba la fetereza ali ndi cifukwa comveka cokwiyira nazo. Sitikupempha Boma kuti lipange galimoto ya mpikisano. Komabe zina mwa zomwe zinayesedwa kumeneko zinatifika. Mabuleki a disiki, omwe lero ali ku mawilo akutsogolo a minibasi yomwe mumakwera popita ku tauni, anachuka pamene Jaguar inapambana nao ku Le Mans mu 1953. Akuluakulu akukumbukira m'mene Peugeot 404, Peugeot 504 ndi Datsun zinali kudaliridwa m'misewu ya fumbi. Mbiri imeneyo inalimba pa mpikisano wa Safari, womwe unayamba mu 1953 ku East Africa. Peugeot 404 inapambana kanayi pakati pa 1963 ndi 1968, 504 inapambana mu 1975, ndipo Datsun inapambana kangapo m'zaka za m'ma 1970. Matope ndi mabampu a kumeneko anaulula zofooka zomwe misewu ya ku Ulaya ikanabisa.

Dziko lathu siliri mlendo pa mipikisano ya magalimoto. A Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yense pa mpikisano wa rally kasanu ndi katatu pakati pa 1988 ndi 2000. A Muna Singh anatenga ukatswiriwo mu 2004 ndi 2005, a Mohammed Essa mu 2012, a Jassy Singh mu 2013, ndipo a Leroy Gomes pamodzi ndi akazi ao a Urshlla mu 2022. Magalimoto omwe anapambanira anapangidwa kunja, koma manja ambiri omwe anali kuwamasula ndi kuwamanga usiku anali a amakanika a kuno. Anzathu a ku South Africa anapita patsogolo pang'ono. Toyota Hilux yomwe inapambana mpikisano wa m'cipululu wa Dakar mu 2019, 2022 ndi 2023 inamangidwa m'garaji ya kufupi ndi Johannesburg, ndipo inali kuyesedwa m'mipikisano ya m'dziko lomwelo isanatumizidwe kunja.

Ifenso tinakhalapo ndi fakitale ya magalimoto. Kuyambira mu 1972, ku Livingstone Motor Assemblers anali kulumikiza magalimoto a Fiat. Zipangizo zambiri zinali kubwera m'mabokosi kucokera kunja, zitajambulidwa kale ndi kuyesedwa kale kwao. Anthu athu anaphunzira kumanga bwino, koma nzeru yofunsa kuti citsulo ici n'cokhuthala motere cifukwa ninji inatsala ku Italy. Fakitaleyo itagwa pa kusintha kwa cuma kwa m'zaka za m'ma 1990, sitinatsale ndi galimoto yathuyathu yoti n'kupitiriza.

Komwe nzeru yopanga zinthu iri moyo lero ndi m'makomboni. Aliyense amene wadutsa mumsewu wa Katima Mulilo mu Garden waona mageti, mafulemu a zitseko ndi mazenera, mabedi, mbaula, mawilibala, nsanja za matanki a madzi ndi makina oumbira mabuloko zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Kuseri kwake kuli anyamata ndi abambo amene amagwira nchito kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ena ndi makina owocherera odzipangira okha pokulunga waya. Ambiri sanapite ku koleji, anaphunzira poyang'ana amalume ao kapena abwana ao. Munthu akawabweretsera cithunzi ca makina, pakatha masabata awiri makinawo aimirira. Zofanana nazo zikucitika ku Kalingalinga, ku Matero, ku Chawama ndi ku Kanyama. Anthu amenewa akudyetsa mabanja, akulipirira ana sukulu, ndipo akusunga ndalama zomwe zikanapita kunja. Tiyenera kuwalemekeza.

Koma ulemu weniweni umalola kunena zoona. Geti ndi cigayo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Geti imaima pamalo amodzi, ndipo ikapindika pang'ono mwini wake amangoikankha mwamphamvu. Cigayo cimazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi imodzi. Nyundo za mbali imodzi zikalemera pang'ono kuposa za mbali inayo, makina onse amanjenjemera, maberingi amatentha ndi kufa msanga, ndipo mabawuti amamasuka okha. Nyundo zikakhala za citsulo cofewa zimapereseka, ndipo fumbi la citsuloco limathera mu ufa womwe ana athu adzadya. Shafuti ikapanda kulunjika ndi injini, lamba amaduka mwezi ndi mwezi. Pomwe pawochereredwa pamwamba pokha, moto osalowa mkati, pamaoneka bwino pakapakidwa penti, koma pamatseguka tsiku lomwe katundu walemera. Ekiselo ya ngolo yocotsedwa ku galimoto yakale ingakhale ndi mng'alu womwe diso silingaone.

Nanga makina amenewa amayesedwa motani asanagulitsidwe? Kawirikawiri amalizidwa mphindi zisanu pamaso pa wogula, opanda cimanga mkati, kapena ndi kabeseni kamodzi. Onse awiri amamva kulira kwake, amagwedeza mutu, ndalama zimaperekedwa. Kuyesa kwenikweni kumakayambira ku Petauke, ku Lundazi kapena ku Mumbwa, nthawi yokolola, pamene amayi afola ndi matumba kuyambira m'bandakuca. Pamenepo mlimi ali ngati woyendetsa uja amene galimoto yamufera kutali ndi garaji: ali yekha, ali ndi sipanala imodzi, ndipo amene anapanga makinawo ali makilomita mazana ambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti woyendetsa wa ku Le Mans amalipidwa, pamene mlimi ndiye walipira.

Taganizirani comwe cimatayika. Ndalama zogulira cigayo nthawi zambiri si za munthu mmodzi. Zimacokera ku cilimba, ku kopaletivu, ku gulu la amayi a pa parishi omwe asonkha kwa zaka ziwiri, kapena ku penshoni ya mphunzitsi wopuma. Makina akafa pa mwezi wacitatu, pamafunika ndalama ya basi yopita ku Lusaka, ya malo ogona, ya cipangizo catsopano, ndipo masiku onsewo makasitomala apita kwina. Ngongole siidikira. Coipa kuposa apa n'cakuti gulu limayamba kukayikirana, msungicuma amanenedwa kuti anadyapo, ndipo anthu omwe anali kupemphera pamodzi amaleka kupatsana moni. Pomaliza mudzi wonse umagamula kuti zopangidwa muno n'zacabe, ndipo caka cotsatira amagula zocokera kunja. Wowocherera waluso amalangidwa pamodzi ndi wacinyengo.

Sitikuika mlandu wonse pa amisiri. Iwo amagula zitsulo zakale zopanda cizindikiro ca mtundu wake. Malaiti akakhala ofooka, moto wowocherera sulowa bwino. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba cifukwa ca cilala, malaiti anali kuzima mpaka maola 21 pa tsiku, ndipo amisiri ambiri anali kugwira nchito pakati pa usiku mothamanga, kuopa kuti azimanso. Mmisiri amene akudikira ndalama ya lero kuti agule ndiwo za lero sangasunge makina sabata yathunthu akuwayesa. Ogulanso tiri ndi mbali yathu. Timanenerera mtengo mpaka fupa, ndipo mmisiri akavomera, amabweza ndalamayo pocepetsa kukhuthala kwa citsulo ndi kuika maberingi ochipa. Ndiye timadabwa ciani?

Pali umboni wa kuno kwathu woti kuyesa kumapindula. Ripa ya Magoye, yomwe alimi ambiri a ulimi wosunga nthaka amakoka ndi ng'ombe, inacokera ku kafukufuku amene anayamba mu 1986 pa malo a Boma ofufuzira za ulimi ku Magoye. Inayesedwa m'minda, alimi anadandaula, inasinthidwa, ndipo m'pamene inafalikira. Njinga ya Buffalo, yomwe bungwe la World Bicycle Relief limalumikiza muno mu Lusaka, inalimbitsidwa pomvera zomwe okwera a kumidzi ndi okonza njinga anali kunena za masipoko, mafoloko ndi keriyala, kufikira keriyalayo inatha kunyamula makilogalamu 100. Ku Yunivesite ya Zambia kuli nthambi yochedwa TDAU, yomwe inakhazikitsidwa mu 1975 kuti izipanga ndi kuyesa makina oyenera anthu wamba. Kucokera pa yunivesite kufika mu Garden ndi ulendo wa mphindi zocepa pa minibasi, koma nzeru za mbali ziwirizi sizikumana mokwanira.

Motero tiri ndi zopempha zingapo, ndipo tiyamba ndi amisiri eni ake. Mutu umodzi susenza denga. Mmisiri mmodzi sangakwanitse kuyesa, koma amisiri makumi awiri atagwirizana angakhale ndi bwalo limodzi loyesera. Mtundu uli wonse watsopano wa cigayo, copukusira cimanga, coswera nshawa kapena pampu uzigwira nchito yeniyeni pamenepo kwa maola 24, ngakhale atagawidwa pa masiku atatu. Cimanga sicingasowe, pakuti amayi a mu Garden momwemo angakondwe kugayitsa pa mtengo wotsika. Pakhale munthu wolemba m'buku: matumba angati pa ola, dizilo kapena malaiti oculuka bwanji, beringi yatentha pa ola liti, bawuti iti yamasuka. Maolawo akatha makina aphwasulidwe pamaso pa onse. Ngolo isenzetsedwe matumba a mcenga oposa katundu wake ndi kukokedwa m'njira ya mabampu. Cothyoka cithyokere pamenepo, pomwe pali woona ndi wophunzirapo.

Caciwiri, makina ali onse acoke ndi nambala yodindidwa pa citsulo, dzina la mmisiri ndi kapepala kofotokoza saizi ya maberingi, ya lamba ndi ya sefa. Mmisiri asungenso nambala yomweyo m'buku lake pamodzi ndi dera komwe makinawo apita. Pakatha miyezi itatu aimbe foni kufunsa m'mene akuyendera. Izi sizifuna digiri, zifuna buku la sukulu ndi bolopeni. Ndipo amisiri agwirizane kugwiritsa nchito masaizi ofanana, opezeka m'masitolo a ku Chipata, ku Katete ndi ku Choma, kuti mlimi asamakwere basi ya usiku wonse cifukwa ca beringi imodzi yacilendo.

Cacitatu cipite kwa ophunzira. Tikupempha a TDAU, makoleji omwe ali pansi pa TEVETA ndi bungwe loona za miyezo la ZABS kuti atsike afike mumsewu wa Katima Mulilo. Asabwere ndi mapepala oopseza ndi zindapusa, pakuti akatero amisiri adzangobisala. Abwere ndi zida zopimira kulimba kwa citsulo ndi kulinganiza zozungulira, ndipo aphunzitse m'Cinyanja ndi m'Cibemba. Wophunzira uinjiniya wa caka comaliza, m'malo mopanga cinthu cokaikidwa pa shelefu, apatsidwe cigayo ca mu Garden kuti apeze comwe cimaphera maberingi ake. Iyenso adzaphunzira zambiri kwa munthu amene wakhala ndi citsulo m'manja zaka makumi atatu.

Cacinayi ndi ndalama. Mu 2022 Boma linakweza thumba la citukuko ca m'madera, CDF, kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse, ndipo mbali ina ya ndalamazo inagula madesiki opangidwa ndi amisiri a m'madera momwemo. Imeneyo inali nzeru yabwino. Tikupempha makomiti a CDF ndi khonsolo ya mzinda wa Lusaka kuti aganizirenso za shedi imodzi ya onse, yokhala ndi makina osemera zitsulo, sikelo yabwino ndi malaiti odalirika. Kugawira munthu mmodzimmodzi makina owocherera kumaculukitsa opanga mageti. Shedi yoyesera ingakweze luso la msewu wonse.

Cacisanu, tikupereka ganizo kwa okonza cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda comwe cimacitika ku Showgrounds caka ndi caka, pafupi pomwepa ndi Garden. Kumeneko makina amaima opakidwa penti yowala, ndipo anthu amangowazungulira ndi kuwasisita. Bwanji osakhazikitsa mpikisano wa kupirira? Zigayo ndi mapampu opangidwa muno zigwire nchito masiku onse a cionetsero, oweruza akulemba, alimi akuonerera. Copambana cikhale comwe cagaya matumba ambiri ndi mafuta ocepa, osaima. Dzina la mmisiri wopambana lilengezedwe pa wailesi. Makampani omwe amathandiza mipikisano ya rally angapeze ulemu waukulu pothandizanso mpikisano wotere.

Tisaiwale za moyo wa anthu. Mu 1955 ku Le Mans galimoto inauluka ndi kugwera m'khamu, ndipo anthu oposa 80 anafa. Ngozi imeneyo inakakamiza eni mipikisano kusintha mabwalo ndi malamulo. Ife tisadikire maliro. Lamba wa cigayo wopanda cochinga amakoka citenje kapena dzanja la mwana m'kuphethira kwa diso. Nyundo yothyoka pa liwiro lija imaboola citsulo copyapyala ngati cipolopolo. Makina opanda cochinga pa lamba asacoke pa msewu, ngakhale wogula atanena kuti afuna ochipa.

Ena adzati zonsezi zidzakweza mitengo. Inde, idzakwera pang'ono, ndipo sitikufuna kunamiza munthu. Koma mlimi awerengere mtengo wa cigayo pamodzi ndi maulendo a ku Lusaka, masiku otayika ndi ciwongoladzanja ca ngongole, aone comwe ciri cochipa. Ena adzati mmisiri akaonetsa makina ake poyera anzake adzamubera nzeru. Kodi lero sakuberana kale? Comwe cikusowa ndi njira yoti wogula adziwire amene wacita bwino. Buku la zoyesa ndi nambala yodinda zidzateteza mmisiri woona mtima kuposa cinsinsi.

Inu alimi anzathu ndi atsogoleri a magulu, mphamvu yaikulu iri m'manja mwanu, pakuti ndalama ndi zanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musagule makina tsiku lomwe mwafika. Funsani mmisiri kuti makina otere anagulitsa kwa yani, ndipo mukalankhule ndi munthuyo. Pitani ndi matumba anu a cimanga, makina agaye ola lathunthu muli pomwepo, kenaka muwazimitse ndi kugwira pa maberingi kuti mumve kutentha kwake. Yang'anani pomwe pawochereredwa penti isanapakidwe. Pemphani kuti pangano la kukonza kwaulere kwa miyezi ingapo lilembedwe pa lisiti. Ndipo makina akafa, musangotukwana kumudzi. Bwezani cipangizo cothyokaco kwa amene anacipanga, pakuti popanda kuciona sadzadziwa comwe ayenera kusintha. Makina akakutumikirani bwino, uzaninso anzanu dzina la mmisiriyo.

Mu Epulo 2022, muno mu Lusaka, Zambia ndi Democratic Republic of Congo anasainirana pangano lofuna kupanga mabatire a magalimoto a malaiti, kuti mkuwa ndi kobati wathu asamangotuluka osakonzedwa. Ndi loto labwino, ndipo mota ya malaiti iri yonse, ngakhale ya mu Hypercar, imadalira waya wa mkuwa. Koma wogula batire wa ku Japan kapena ku Germany adzafunsa mafunso omwewo amene tikuti mlimi afunse: cinayesedwa maola angati, analemba ndani, ndipo cikafa adzayankha ndani? Acinyamata amene adzagwira nchito m'mafakitale amenewo ndi omwe lero akugwirira amalume ao citsulo mu Garden. Akazolowera kupima, kulemba ndi kuvomera colakwa pa cigayo, adzatero ndi pa batire.

Tikupempha atsogoleri a amisiri a mu Garden kuti akhale pansi nyengo yokolola isanafike, asankhe mtundu umodzi wa makina, auyese poyera, ndipo alengeze zomwe apeza, zabwino ndi zoipa zomwe. Tsamba lino liri lokonzeka kusindikiza zotsatira zake. Tikuyembekezeranso makalata ocokera kwa inu alimi ndi makopaletivu, otiuza makina opangidwa muno omwe akutumikirani zaka zambiri ndi zomwe zinathyoka msanga, kuti opanga ndi ogula aphunzire pamodzi.